Mimba ya Mwana wa Kalulu Sifuna Zodzidzimutsa

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Nthawi ya ziweto yakwananso. Lero tikamba za kalulu, koma si wa m'nthano uja wopusitsa Fisi ayi. Wathu ndi wa m'khola, makamaka kamwana kongosiya kumene kuyamwa. Makomo ambiri masiku ano muli akalulu. Ena amaweta kuti apeze ndiwo ndi kandalama, ena anangogulira mwana wawo kuti azisewera naye. Koma dandaulo ndi limodzi: tiana timafa. Madzulo kanali kudumphadumpha, m'mawa mwakapeza kali gone, mimba yotupa, kumbuyo konyowa. Muno ndili ndi mlangizi wa ziweto. Bambo, takulandirani.

MLANGIZI: Zikomo mayi.

MUULUTSI: Popanda kuzungulira, kamwana ka kalulu kadye chiyani?

MLANGIZI: Ndiyankha, koma mundilole ndiyambe ndafunsa kuti kamwanako kali ndi milungu ingati. Anthu ambiri amagula tiana ta milungu 3 kapena 4, chifukwa ndi pamene timaoneka tokongola, tokwana m'dzanja limodzi. Wogulitsa amati kayamba kale kudya. Sanama, koma kudya kwa msinkhu umenewo n'kulawa chabe, moyo wake ukadali pa bere la make. Ine ndimati milungu 6 isanakwane musakachotse, ndipo ngati mungapirire mpaka milungu 8 mwachita bwino koposa.

MUULUTSI: Koma ndinamva kuti alimi akuluakulu amalekanitsa msanga.

MLANGIZI: N'zoona. Ku France ndi ku Italy, kumene amaweta akalulu a nyama zikwizikwi, amalekanitsa pa milungu pafupifupi 5. Koma iwowo ali ndi chakudya cha kufakitale chopangidwira msinkhu umenewo, ndiponso dokotala ali pafupi. Inu amene chakudya chanu ndi chisoso cha kuseri kwa nyumba musatengere zimenezo.

MUULUTSI: Tatiuzani za masiku oyambirirawo.

MLANGIZI: Kalulu amakhala ndi bere masiku pafupifupi 31. Ana amabadwa opanda ubweya, maso otseka, olemera magalamu 50 kapena 60 basi. Maso amatseguka pa tsiku la 10 mpaka la 12. Tsono chimene chimasokoneza oweta atsopano n'chakuti make amayamwitsa kamodzi patsiku, mwina kawiri, kwa mphindi zosapitirira 5, ndipo nthawi zambiri amachita zimenezi usiku kapena mbandakucha inu muli mtulo. Tsiku lonse mumamuona ali phee pakona, chisa osachiyang'ana n'komwe. Mwini wake amati kalulu uyu ndi wankhanza, wataya ana. N'kutenga tiana tija, n'kuyamba kutimwetsa mkaka wa tiyi. Pakatha masiku ochepa onse atha.

MUULUTSI: Nanga mayi wanji woyamwitsa kamodzi patsiku?

MLANGIZI: Ndi nzeru imene anabwera nayo kwawo. Kalulu woweta kwawo kwenikweni ndi ku Spain ndi ku Portugal, kumene makolo ake amakumba una. Wamkazi amaswera m'kauna kakekake, akayamwitsa amatseka pakhomo ndi dothi n'kuchokapo, kuti zilombo zisamutsate n'kupeza ana. Khalidwe limeneli silinathe ngakhale mum'tsekere m'khola la matabwa. Ndipo pano ndilankhule ndi anyamata opita kosaka. Kalulu wa m'tchire mwathu muno ndi mtundu wina. Ana ake amabadwa ndi ubweya, maso ali otseguka, ndipo make amawasiya pa udzu n'kumabwera madzulo. Mukatola kamwana kotero si kamasiye ayi, ndipo kunyumba sikachedwa kufa. Kasiyeni pomwepo.

MUULUTSI: Ndiye tingadziwe bwanji kuti a m'khola akuyamwa?

MLANGIZI: M'mawa sambani m'manja, patulani ubweya wa m'chisa muyang'ane. Ana okhuta amakhala ofunda, ogona mulu umodzi, timimba tozungulira, khungu losalala. Anjala amakhala ndi makwinya, ozizira, omwazikana. Kuyamwa kamodzi kumakwana chifukwa mkaka wa kalulu ndi wamphamvu zedi. Mafuta ake amafika 12 pa 100 kapena kuposera, pamene wa ng'ombe ndi pafupifupi 4 pa 100. Zomanga thupi nazo n'zochuluka kuposa katatu, koma shuga ndi wochepa. Mkaka wa ng'ombe uli mosemphana: wamadzimadzi, shuga wambiri. Kamwana kamadzaza mimba koma osakhuta, kenako kutsegula m'mimba.

MUULUTSI: Nanga make akafa?

MLANGIZI: Njira yabwino ndi kugawira anawo kwa kalulu wina amene waswa masiku omwewo. Aikeni pakati pa ana ake m'chisa, muwafunditse ubweya wa momwemo kuti atenge fungo. Ambiri amalandira. N'chifukwa chake oweta ochenjera amakweretsa akazi awiri nthawi imodzi. Ngati palibe, mkaka wa mbuzi wofunda pang'ono uli bwinoko kusiyana ndi wa ng'ombe. Mwetsani ndi sirinji yopanda singano, kadontho kamodzikamodzi, kamwanako kali chilili osati chagada, chifukwa mkaka ukalowa m'mapapo ndiye kwatha. Mukatha kapukuteni kumimba ndi kansalu konyowa madzi ofunda kuti kakodze. Koma ndisakunamizeni, ana oleredwa pamanja asanatsegule maso ambiri sapulumuka.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za kadyetsedwe ka ana a kalulu. Bambo, tafika pa kamwana kamene kayamba kutuluka m'chisa.

MLANGIZI: Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndipempha omvera andimvetsere modekha. Aliyense amene anasendapo kalulu anaona thumba lalikulu lopindikapindika m'matumbo mwake, lalikulu kuposa chifu chenichenicho. M'thumba limenelo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya abwino, amene amasasitsa udzu kuti kalulu apezemo chakudya. Kalulu payekha udzu sangaugaye, amadalira tizilombo timeneti. Tsono kamwana kamabadwa m'matumbo muli mbee, mulibe tizilomboti. Timalowa pang'onopang'ono, ndipo gwero lake lalikulu ndi make. Make amasiya zitosi zingapo m'chisa, ana n'kumazidya. Pofika milungu 3 ayamba kulawa zimene make akudya, ndipo tizilombo tija timachulukana mogwirizana ndi chakudya chimenecho.

MUULUTSI: Bambo, mwati kudya zitosi? Ena akutimvera ali pa nsima.

MLANGIZI: Atikhululukire, koma mfundo iyi sitingaidumphe. Kalulu amatulutsa zitosi za mitundu iwiri. Zouma zozungulira zija mumasesa m'khola ndi zotsalira. Koma palinso zofewa, zonyezimira, zomatana, zimene zimachokera m'thumba lija. Zimenezi amazidya pomwe zikutuluka, nthawi zambiri kukamacha, ndipo muli zomanga thupi ndi mavitamini. Si matenda, si njala, ndi mmene analengedwera. Mukamaona zofewazi zili mbwee pansi osazidya, dziwani kuti mukum'patsa madeya ambiri ndi udzu wochepa.

MUULUTSI: Ndiye vuto limabwera pati?

MLANGIZI: Pakati pa milungu 4 ndi 10 ndi pamene pali phompho. Pamene kakuyamwa, mkaka wa make umapanga m'chifu mwake mafuta ena opha tizilombo toipa. Kalulu wamkulu naye chifu chake n'chowawasa kwambiri, tizilombo toipa sitidutsa mosavuta. Koma kamwana kongosiya bere kali pakati: chitetezo cha mkaka chatha, chifu sichinakhwime, tizilombo tabwino sitinakhazikike. Pa nthawi yomweyo mwakachotsa kwa make, mwakanyamula m'katoni pa minibasi, mwakapatsa chakudya chimene sikanadyepo. Tizilombo toipa timapambana, mimba imatupa, ndipo kalulu satha kusanza. Chimene chalowa chiyenera kudutsa njira yonse.

MUULUTSI: Choncho wogula atani?

MLANGIZI: Afunse wogulitsa kuti amakadyetsa chiyani, ndipo ngati n'kotheka apemphe chakudya chomwecho cha masiku angapo. Mlungu woyamba asasinthe kanthu. Akafuna kuyambitsa tsamba latsopano, ayambe ndi limodzi, kachidutswa kakang'ono, adikire masiku awiri akuyang'ana zitosi. Zikakhala zouma ndi zozungulira, awonjezere. Zikafewa, asiye. Malangizo ambiri olembedwa ku Britain ndi ku America amati musapatse masamba aawisi kufikira milungu 12. Akunena zoona pa akalulu awo, amene amakula ndi udzu wouma ndi chakudya cha m'sitolo basi. Koma kamwana kamene kakhala kakudya chisoso limodzi ndi make kuyambira milungu 3, kukamana masamba mwadzidzidzi ndi kusintha komweko kumene tikuletsa. Choopsa si tsamba ayi, koma tsamba lachilendo, lochuluka, pa tsiku limodzi.

MUULUTSI: Chabwino. Tsopano tchulani chakudyacho.

MLANGIZI: Choyamba ndi udzu wouma, ndipo usasowe m'khola usana ndi usiku. Anthu amaunyoza, amati mulibe kanthu. Koma ndi umene umakankha matumbo kuti aziyenda, ndiponso umaperesa mano. Mano a kalulu sasiya kukula, akutsogolo amatalika pafupifupi mamilimita 2 pa mlungu. Wosatafuna udzu mano amapiringizika mpaka kulephera kudya. Ndikati wouma sindikunena udzu wa mu Okutobala wopserera ndi dzuwa, woyenera kufolera nyumba. Mwetani kapinga, tsangadzi kapena nsenjere zanthete mvula ikamatha, mu Malichi kapena Epulo, udzu usanakhwime. Yanikani masiku ochepa mukuutembenuza, makamaka pamthunzi podutsa mphepo, uume koma usataye kubiriwira. Mangani mitolo musunge pamwamba pouma. N'chimodzimodzi mfutso wa amayi: mumakonza pa nthawi ya zambiri kuti mudzadye m'chilimwe. Masamba a mtedza mukakolola musatenthe. Ouma bwino, opanda chuku, ndi chakudya chapamwamba kwa kalulu amene akukula, chifukwa muli zomanga thupi zambiri kuposa mu udzu wamba.

MUULUTSI: Nanga masamba aawisi?

MLANGIZI: Tili nawo ambiri ndipo sitigula. Chisoso, mwamunaaligone, bonongwe, khovani, kholowa pamodzi ndi mitsitsi yake yoyanga ija, masamba a mabulosi. Kholowa akalulu amamukonda kwambiri, ndipo wokhala ndi dimba sasowa chaka chonse. Sakanizani mitundu itatu kapena inayi m'malo mwa umodzi. Koma thyolani m'mawa, muyanike pamthunzi, mupereke madzulo atanyala. Masamba a mame kapena onyowa ndi mvula musapereke, ndipo musawasiye mulu m'thumba la pulasitiki, amatentha n'kuyamba kusasa. Mwezi wa Disembala ndi woopsa. Akalulu akhala miyezi ingapo pa zouma, mvula yagwa, msipu waphuka, ana akumweta modzaza thumba chifukwa chokondwa. Msipu ndi madzi okhaokha, ulusi wake ndi wochepa. Yambani ndi kadzanja kamodzi, udzu wouma uli pomwepo.

MUULUTSI: Ife a m'tauni timangotola masamba a kabichi pamsika.

MLANGIZI: Kabichi, repu ndi mpiru si poizoni, koma zikachuluka zimadzaza mpweya m'mimba, ndiye kwa kamwana zikhale zochepa. Chimene ndimaopa kwambiri ndi mankhwala opopera. Masamba akunja a kabichi, amene amataya aja, ndi omwe analandira mankhwala ambiri. Tsukani bwino ndipo muyanike aume. Udzu wa m'mbali mwa munda umene apoperamo mankhwala opha udzu, kapena wa m'mphepete mwa msewu, usiyeni.

MUULUTSI: Kaloti bwanji? Ana onse amadziwa kuti kalulu ndi kaloti.

MLANGIZI: Amene anatiphunzitsa zimenezo ndi Bugs Bunny wa pa kanema, si mlangizi wa ziweto. Kaloti muli shuga wambiri. Masamba ake ndi abwino kuposa muzu. Kachidutswa kwa kalulu wamkulu si vuto, koma kamwana kosakwana miyezi 3 kadikire. Nthochi, mango ndi papaya chimodzimodzi. Ndipo nsima yotsala, mkute, buledi, mabisiketi, zimenezi ayi ndithu. Kamwana sikanayambe kugaya bwino zakudya za ufa, ndiye ufawo umadutsa osagayika n'kukafika m'thumba lija, kumene umakadyetsa tizilombo toipa. Nthawi zambiri amachita zimenezi ndi ana a pakhomo chifukwa cha chikondi. Makolo, afotokozereni bwino, ndipo apatseni ntchito yothyola chisoso ndi kusintha madzi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Mwaletsa za ufa, bambo, koma oweta onse amapereka madeya. Si kudzitsutsa kumeneko?

MLANGIZI: Mwandigwira, koma pang'ono. Madeya muli makoko, si ufa woyera, ndipo kalulu amene akukula amafuna mphamvu yoposa ya masamba okha. Nkhani ndi muyeso. Kamwana ka milungu 6 mpaka 8 yambani ndi supuni imodzi yaikulu patsiku, muziwonjezera pang'ono mlungu uliwonse kufikira kadzanja kamodzi. Madeya okha zomanga thupi n'zochepa. Kalulu amene akukula amafuna pafupifupi 16 pa 100. Mukasakaniza makapu atatu a madeya ndi kapu imodzi ya soya wokazinga ndi kupera, mwafika pamenepo. Soya akhale wokazinga, chifukwa wamuwisi amasokoneza kugaya. Thiranimo mchere supuni yaing'ono imodzi pa kilogalamu. Wazanimo timadzi kuti fumbi lisalowe m'mphuno, koma zotsala mutaye tsiku lomwelo.

MUULUTSI: Madeya ena amanunkha chuku.

MLANGIZI: Amenewo musapereke ngakhale pang'ono. Chuku cha chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, wowononga chiwindi, ndipo kalulu ali m'gulu la nyama zimene sizipirira naye. Madeya ochokera ku chigayo amakhala onyowa, ayanikeni tsiku lomwelo. Chinanso, ena amagula chakudya cha nkhuku. Samalani, chifukwa china amathiramo mankhwala oteteza anapiye amene kwa kalulu ndi poizoni. Ngati mwapeza chakudya cha akalulu chenicheni cha m'sitolo, chija cha timibulu, n'chabwino, koma nacho chiyambitseni pang'onopang'ono. Ndipo inu osunga kalulu ngati bwenzi la pakhomo, akapitirira miyezi 6 muchepetse madeya. Kalulu wonenepa kwambiri amalephera kupinda kuti adye zofewa zija.

MUULUTSI: Pali masamba oti tisayerekeze?

MLANGIZI: Masamba a mapeyala, a nsatsi, a fodya, a tomato, a mbatata ya kachewere, ndi maluwa obzala pakhomo amene simukuwadziwa. Chigwada chachiwisi, makamaka cha chinangwa chowawa, kwa kamwana chisiyeni. Lukina ali ndi zomanga thupi zambiri, koma akachuluka amathothola ubweya ndi kupinimbiritsa, ndiye akhale wongosakaniza pang'ono, kwa akuluakulu. Musamati kalulu amadziwa yekha choipa. Wa m'khola alibe posankha, amadya chimene mwaika.

MUULUTSI: Agogo anga ankati kalulu samwa madzi, akamwa amafa.

MLANGIZI: Ndi ulemu wonse kwa agogo, mawu amenewo apha akalulu ambiri. Anthu anaona kuti kalulu wodya masamba aawisi samwa kawirikawiri, n'kuganiza kuti safuna. Kalulu amamwa pafupifupi mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndipo woyamwitsa amamwa kuposa pamenepo kutalitali. Wopanda madzi mkaka umachepa. Wodya udzu wouma popanda madzi matumbo amaima. Omvera a ku Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Mangochi, kalulu amavutika kutentha kukapitirira madigiri 30, ndipo amasiya kudya. Khola likhale pamthunzi, madzi asasowe, chakudya chambiri muzipereka dzuwa likapendeka, poti ndi usiku pamene amadya kwambiri. Chomwera chikhale cholemera kuti asachigudubuze, koma chosazama, kamwana kangagweremo.

MUULUTSI: Ndaona ena amangoponya masamba pansi m'khola.

MLANGIZI: Apo ndiye pamayambira matenda a coccidiosis, amene amatha ana ongosiya kuyamwa. Tizilombo take timatuluka m'zitosi, timakhwima pakatha masiku awiri kapena atatu pamalo onyowa, kenako kamwana kamatidya pamodzi ndi masamba opondedwa. Make akhoza kukhala nato iye osadwala. Ena mukapha kalulu mumaona timadontho toyera pachiwindi, nthawi zambiri ndi matenda omwewa. Mangani masamba kamtolo mupachike, kapena muike pa kawaya m'mbali mwa khola. Sesani tsiku lililonse. Khola la m'mwamba lokhala ndi mipata pansi, zitosi n'kumagwa zokha, limapulumutsa ana ambiri kusiyana ndi la pansi.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, koma wina kamwana kake katsegula kale m'mimba lero lino. Atani?

MLANGIZI: Akapatule kwa anzake. Achotse madeya ndi masamba aawisi, asiye udzu wouma ndi madzi oyera. Akafunditse, chifukwa kodwala kamazizira msanga. Ngati sikakumwa, akamwetse madzi a thanzi ORS ndi sirinji pang'onopang'ono. Kenako apite kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lake tsiku lomwelo, chifukwa kalulu akatha maola 12 osadya kapena osatulutsa zitosi, zinthu zafika poipa. Mankhwala a coccidiosis alipo, koma muyeso wake akuuzeni mlangizi. Ndipo ichi ndichinene momveka: makapisozi a amoxicillin kapena penicillin otsala kunyumba, amene ena amasungunulira nkhuku m'madzi, kalulu musamumwetse. Amapha tizilombo tabwino ta m'thumba lija, toipa n'kutsala tokha, ndipo kalulu amene mwina akanachira amafa ndi mankhwalawo.



MUULUTSI: Omvera, mlungu wamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za kamangidwe ka khola la m'mwamba, ndi mmene mungatetezere akalulu kwa agalu, makoswe ndi linthumbu. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)